Mir ndi peace: mbiri ya mawu a mtendere m'Chirasha ndi m'Chingerezi

Chirasha chili ndi liwu limodzi lalifupi, mir, lomwe limasenza matanthauzo atatu: mtendere, dziko lonse lapansi, ndi mudzi wa alimi monga gulu lodziyendetsera lokha zinthu. Pa tsinde lomweli pamaphuka mawu a kuyanjana, a kuleka nkhondo kwa kanthawi, ngakhalenso a kuvomereza zowawa zimene munthu sangathe kuzisintha. Chingerezi sichili choncho. Mawu ake a zinthu zomwezi ambiri ndi obwereka ku Chilatini kudzera m'Chifalansa, ndipo munthu akawalondola komwe adachokera amakafika ku mapangano, ku makhoti ndi ku ngongole. Kusiyana kumeneku kunalibe pachiyambi. Kudadza ndi nkhondo, ndi ntchito ya omasulira Baibulo, ndi malamulo a msonkho, komanso ndi kusintha kwa katchulidwe komwe palibe amene adachita kukukonza.

Zaka 1,000 zapitazo zinenero ziwirizi zinkauona mtendere mofanana. Max Vasmer, amene mtanthauziramawu wake wa magwero a mawu a Chirasha udasindikizidwa ku Heidelberg m'zaka za m'ma 1950, adasonyeza kuti mir ndi lapachibale ndi milyi, kutanthauza wokondedwa. Angerezi akale ankati frith, liwu la mtundu umodzi ndi friend ndi free. Analinso ndi sibb, lomwe linkatanthauza mtendere ndi chibale nthawi imodzi. Konsekonse mtendere unali wa pakati pa anthu amene sakhetsana mwazi chifukwa ndi amodzi.

Mu 863 abale awiri a ku Thessalonica, Cyril ndi Methodius, adapita ku Moravia kukalalikira, ndipo iwo ndi ophunzira awo adamasulira mabuku a mpingo m'chinenero cha Asilavo. Chigiriki chinali ndi eirene, mtendere, ndi kosmos, dziko lapansi. Omasulirawo adagwiritsa ntchito mir pa mawu onse awiri. Mabuku amenewa adafika ku Kyiv, ndipo mfumu Vladimir italandira Chikhristu mu 988 adakhala maziko a chinenero cholembedwa cha dera lonselo. Tanthauzo lachitatu likupezeka m'malamulo akale otchedwa Russkaya Pravda, a nthawi ya Yaroslav m'zaka za m'ma 1000, momwe mir ndi anthu a dera limodzi amene amayankhira pamodzi milandu yochitika kwawo.

Liwu lobwera ndi ogonjetsa

Ku England zinthu zidatembenuka mu 1066, pamene William wa ku Normandy adagonjetsa Harold pa Hastings. Kwa zaka pafupifupi 300 Chifalansa ndicho chinkamveka kunyumba yachifumu ndi kumakhoti, Chingerezi n'kutsalira kwa olima ndi oweta. Liwu la Chifalansa loti pais likupezeka kale m'buku la mbiri lomwe amonke a ku Peterborough ankalemba cha m'ma 1150, ndipo ndilo lidadzakhala peace. Mawu akale aja adafota. Frith lidatsalira m'mayina monga Wilfrid. Sibb lidabisala mu sibling, m'bale wa bere limodzi, ndi mu gossip, lomwe poyamba linali godsibb, kholo la paubatizo, lisanasanduke miseche.

Pais lidachokera ku pax wa Aroma, liwu lapachibale ndi mneni wotanthauza kupangana, komwe kudachokeranso pact. Mtendere wa Aroma unali chinthu chomangidwa ndi pangano, kawirikawiri pangano lomwe wopambana amaikira wogonja. Kuchokera ku pax kudabadwa mneni woti pacare, kutontholetsa, ndipo ameneyu ndiye gogo wa pay. Kulipira kunali kutontholetsa mwini ngongole kuti asiye kukulondalonda.

Liwu latsopanoli lidakhazikika m'malamulo msanga. Bata la m'dziko linkaonedwa ngati chuma cha mfumu, kotero kuti womenya mnzake pamsewu ankalakwira mfumu yomwe, osati womenyedwayo yekha. Mu 1195, pa ulamuliro wa Richard I, akuluakulu ena adapatsidwa ntchito yosunga bata limeneli m'madera ovuta, ndipo lamulo la 1361, pa nthawi ya Edward III, lidakhazikitsa oweruza otchedwa justices of the peace. Mlandu wa khalidwe losokoneza bata, umene m'makhoti a ku Malawi ndi Zambia umatchedwa breach of the peace, ndi mdzukulu wa ganizo lomweli. Udabwera ndi malamulo a atsamunda.

Si kuti Chingerezi chidasiyiratu kupanga mawu akeake. Truce, kuleka kumenyana kwa kanthawi, ndi liwu lakwawo, lochokera ku liwu lakale la lonjezo, lapachibale ndi true. Atonement lidapangidwa polumikiza at ndi one, kukhalanso amodzi, ndipo William Tyndale adaligwiritsa ntchito m'Chipangano Chatsopano chake cha 1526 pokamba za kuyanjana kwa munthu ndi Mulungu.

Mudzi wotchedwa mtendere

Pamene Angerezi ankapereka mtendere m'manja mwa mfumu ndi oweruza ake, mlimi wa ku Russia ankadzuka ndi kugona m'kati mwa mir. Akuluakulu a boma ndi ophunzira ankati obshchina; alimi eni ake ankati mir. Msonkhano wa mudzi, skhod, kawirikawiri unkachitikira panja. Olankhula anali eni mabanja, pafupifupi onse amuna, ndipo wotsogolera anali starosta, mkulu wosankhidwa pakati pawo. Minda ya mudzi inkagawidwa m'timizere titalititali. Banja lililonse linkalandira timizere tingapo pa nthaka yachonde, tina pa yapakatikati, tina pa yoguga, kuti pasapezeke wodandaula kuti amupondereza. Pakapita zaka ankagawanso, poona mabanja amene akula ndi amene achepa; lamulo la 1893 lidati pazidutsa zaka zosachepera 12 asanagawenso. Pa skhod anthu ankakangana mpaka kusasa mawu, koma chigamulo chikatuluka chinkakhala cha onse. Mwambi wina wa alimiwa umati aliyense m'mir akapereka ulusi umodzi, wausiwa amavala malaya.

Boma linkaukonda mudzi wotere pa chifukwa chake. Msonkho unkalipidwa mwa dongosolo lotchedwa krugovaya poruka: mmodzi akalephera, otsalawo ankamulipirira. Mir ndiyo inkasankha anyamata opita ku usilikali, womwe pa nthawi ina unali wa zaka 25. Inkatha kukaniza munthu chiphaso chopitira kutauni, ndipo wovutitsa inkatha kumupereka kuti akatayidwe ku Siberia. Mtendere wa m'mudzi unali weniweni, koma mtengo wake unali wakuti munthu asamatsutse zimene gulu lanena.

Alexander II atamasula alimi pafupifupi 23 miliyoni ku ukapolo wa paminda mu 1861, minda idaperekedwa kwa mir, osati kwa munthu payekha, pamodzi ndi ngongole yolipira kwa zaka 49. Pofuna kuthetsa mikangano ya malire pakati pa alimi ndi eni minda akale, boma lidaika amkhalapakati otchedwa mirovoy posrednik. Leo Tolstoy adagwira ntchitoyi m'boma la Krapivna mu 1861 ndi 1862, ndipo eni minda anzake adamuda poti ankakomera alimi. Mu 1864 kudabwera oweruza a milandu ing'onoing'ono otchedwa mirovoy sudya, dzina lofanana ndi la oweruza a ku England aja. Krugovaya poruka idathetsedwa mu 1903, lamulo la Pyotr Stolypin la 1906 lidalola mlimi kutuluka m'mir ndi munda wake, ndipo mudzi wakalewo udatheratu cha m'ma 1930, pamene Stalin adakakamiza alimi kulowa m'minda ya gulu yoyendetsedwa ndi boma.

Muyeso umene udasanduka mtendere

Chirasha chimapanga mawu ambiri ndi mphatikira. Pomiritsya ndi kuyanjana pambuyo pa mkangano. Peremirie ndi kuleka nkhondo kwa kanthawi. Primiritsya ndi kuyanjana ndi munthu, komanso kuvomereza chinthu chowawa monga imfa kapena umphawi. Pakati pa mawu amenewa pali mlendo amene adalowa m'banjamo mozemba: smirenie, kudzichepetsa, ndi mneni wake smiritsya.

M'mabuku akale a mpingo liwuli linkalembedwa smerenie, kuchokera ku mera, muyeso. Wodzichepetsa anali munthu wodziwa muyeso wake, wosadzikweza kupyola pomwe afika. Katchulidwe ka mawu awiriwa kanali koyandikana, ndipo m'kupita kwa zaka anthu adayamba kulimva ngati mwana wa mir mpaka kalembedwe komwe kadatsatira. Zomwezi zidachitikira dzina la Vladimir, lomwe mbali yake yachiwiri poyamba inkatanthauza ukulu. Kusokonezeka kwa m'khutu kumeneku kudasintha tanthauzo. Kuyambira pamenepo kudzichepetsa, kugonjera ndi kukhala pa mtendere zidamveka ngati chinthu chimodzi, ndipo mpingo wa Orthodox udaika smirenie pamwamba penipeni pa makhalidwe a Mkhristu.

Koma banja lomweli lili ndi ana ena oopsa. Usmirit ndi kuthetsa kuukira ndi mfuti ndi zikwapu. Smirno ndi mfuu ya mkulu wa asilikali polamula anyamata ake kuima njo. Malaya omangira odwala misala amatchedwa smiritelnaya rubashka.

Chingerezi chilibe liwu limodzi lokwana pamenepa. Humble lidachokera ku humus, dothi, ndipo limangonena za kutsika. Resign lidachokera ku resignare, kumatula chidindo pa chikalata n'kuchifafaniza. Poyamba linkanena za kutula pansi udindo, ndipo tanthauzo la kugonjera zimene zagwa lidakhazikika mu resignation m'zaka za m'ma 1600. Mulibe mtendere m'liwuli. Limamveka ngati munthu wangotopa n'kusiya. Reconcile lidachokera ku concilium, msonkhano, ndipo mpaka lero owerengera ndalama amaligwiritsa ntchito pofananitsa mabuku awo ndi a kubanki. Mngerezi akavomereza imfa ya m'bale wake amati come to terms, mawu a anthu awiri ogwirizana mfundo za pangano. Katswiri wa zinenero Anna Wierzbicka, m'buku lake la 1992, adafotokoza kuti smirenie silifanana ndi humility kapena resignation. Zimenezo n'zomveka. Chosamveka ndi chizolowezi cha olemba ena chotenga liwu limodzi n'kunena kuti mtundu wonse udabadwa wogonjera. Dziko lomwe lidalemekeza smirenie ndi lomwenso lidaona kuukira kwa Stepan Razin cha m'ma 1670, kwa Yemelyan Pugachev mu 1773, ndi zipolowe za 1905 ndi 1917.

M'moyo wa tsiku ndi tsiku kusiyanaku kumaonekera ngakhale mwa ana. Ana a ku Russia akayambana amakoletsana tizala tawo tating'ono takumapeto, n'kumagwedeza manja uku akunena kandakatulo kotchedwa mirilka, ndipo akamaliza mkangano watha. Ana a ku Britain, monga adapezera Iona ndi Peter Opie m'buku lawo la 1959, ankapingasa zala n'kufuula liwu lopempha kupuma pakati pa masewera kapena ndewu: fainites cha ku London, barley kumpoto chakumadzulo kwa England ndi mbali zina za Scotland, pax m'masukulu a ana a anthu olemera. Kumeneku sikuyanjana, ndi kupuma chabe. Akuluakulu a ku Russia nawo ali ndi Lamulungu lomaliza isanayambe Lenti, lotchedwa Lamulungu la chikhululuko, pamene munthu amawerama pamaso pa mnzake n'kupempha kuti amukhululukire, winayo n'kuyankha kuti Mulungu akhululuka. Proshchai, liwu lotsanzikira munthu amene mwina sudzamuonanso, kwenikweni ndi pempho la chikhululuko.

Mkangano wa olemba

M'zaka za m'ma 1800 mawu amenewa adasanduka bwalo la ndewu. Vissarion Belinsky, wounika mabuku wotchuka, atadziwa maganizo a Hegel cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1830 adaphunzitsa za primirenie, kuyanjana ndi zinthu momwe zilili, mpaka kuikira kumbuyo ulamuliro wa Tsar, mfumu ya Russia. Pofika 1841 anali atazitaya zimenezi ndi mkwiyo waukulu. Mu 1847 Nikolai Gogol adatulutsa buku la makalata lolimbikitsa kudzichepetsa ndi kumvera, ndipo Belinsky adamulembera kalata yoyaka moto, yonena kuti chimene dziko likusowa ndi ufulu, malamulo ndi kutha kwa ukapolo, osati maulaliki. Kalatayo idaletsedwa. Fyodor Dostoevsky adaiwerenga mokweza pa msonkhano wa kagulu ka Petrashevsky mu 1849, ndipo umenewu unali umodzi mwa milandu imene idamuimika pamaso pa asilikali owombera mu Disembala chaka chomwecho, chilango chisanasinthidwe kukhala zaka zinayi za ukaidi ku Omsk.

Dostoevsky yemweyo, mu Juni 1880, pa mwambo wokumbukira wolemba ndakatulo Pushkin ku Moscow, adaimirira n'kuuza munthu wophunzira wodzikuza kuti adzichepetse ndi kukagwira ntchito pa nthaka ya kwawo. Omvera adalira ndi kukumbatirana. Patangopita masiku ochepa otsutsa adayamba kufunsa m'nyuzipepala kuti adzichepetse pamaso pa yani. Mudzi uja nawo aliyense ankaukokera kwake: Aleksei Khomyakov ndi Konstantin Aksakov ankaonamo ubale wachikhristu, Alexander Herzen ankaonamo mbewu ya sosholizimu.

Chilembo chimene chidachotsedwa

Pofika nthawi imeneyi kalembedwe kanali katalekanitsa matanthauzo a mir. Mtendere unkalembedwa миръ, pomwe dziko ndi mudzi zinkalembedwa міръ, ndi chilembo chokhala ndi kadontho pamwamba. Katchulidwe kanali kamodzi; diso lokha ndilo linkasiyanitsa.

Lamulo loyamba la boma la Lenin, pa 8 Novembala 1917, linali Dekret o mire, loitana maiko kuti aleke nkhondo. Pa 3 Malichi 1918 adasaina pangano la Brest-Litovsk ndi Germany, lomwe Arasha amalitcha Brestsky mir, pakuti liwuli limatanthauzanso chikalata cha mtendere. Chaka chomwecho, mu Okutobala, boma lidakakamiza kalembedwe katsopano, komwe akatswiri adayamba kukonza kale mu 1904. Chilembo cha kadontho chija chidachotsedwa pamodzi ndi zina, ndipo mtendere ndi dziko zidakhalanso liwu limodzi papepala. Ambiri mwa othawira kunja, monga wolemba Ivan Bunin, adakakamira kalembedwe kakale.

Apa ndi pamene padachokera mphekesera yomwe imamvekabe, yoti buku la Tolstoy, Voina i mir, lomwe lidamalizidwa mu 1869, mutu wake weniweni ndi nkhondo ndi dziko, kapena nkhondo ndi anthu, ndipo Angerezi adalakwitsa polimasulira kuti War and Peace. Si zoona. Mabuku osindikizidwa Tolstoy ali moyo adalemba liwu la mtendere, ndipo mwini wake politchula m'Chifalansa ankagwiritsa ntchito paix. Amene adasewera dala ndi zilembo ziwirizi ndi Vladimir Mayakovsky, mu ndakatulo yake yaitali ya nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, yomwe mutu wake udalembedwa ndi chilembo cha kadontho.

Mawu m'manja mwa andale

Liwu la Chingerezi lomwe lidaonongeka kwambiri ndi appease, lochokeranso ku pais. Kwa zaka 600 linkatanthauza kuziziritsa mtima wa wokwiya, ndipo m'zaka za m'ma 1920 andale a ku Britain ankalitchula monyadira. Pa 30 Sepitembala 1938 nduna yaikulu ya Britain Neville Chamberlain adabwerako ku Munich atalola Hitler kutenga mbali ya Czechoslovakia. Mu Malichi 1939 asilikali a Germany adalowa mu Prague, ndipo kuyambira pamenepo appeasement ndi chitonzo. Chirasha chimatcha ndale imeneyi umirotvorenie, liwu lomwe limanenanso za bata la mumtima wa munthu wopemphera.

Boma la Soviet Union lidapindula ndi kugwirizana kwa matanthauzo kuja. Mfuu yoti Miru mir, mtendere ku dziko lonse, inkalembedwa pa zinsalu zofiira ndi pamwamba pa nyumba zosanja. Mu 1956 Nikita Khrushchev adalengeza mfundo yokhalira limodzi mwamtendere ndi maiko a azungu akumadzulo, chaka chomwe akasinja ake adalowa mu Budapest. Siteshoni ya m'mlengalenga yotchedwa Mir idazungulira dziko kuyambira Febuluwale 1986 mpaka Malichi 2001, n'kulandira anthu oposa 100, kuphatikizapo Helen Sharman wa ku Britain mu 1991.

M'zaka za m'ma 1990 maiko awiri adayesa kuyanjanitsa anthu awo ndi lamulo. Ku South Africa, Truth and Reconciliation Commission, motsogozedwa ndi Desmond Tutu, idayamba kumva maumboni mu Epulo 1996. Idatsata njira ya pangano: wolakwa aulule zonse kuti akhululukidwe. Mwa anthu oposa 7,000 amene adapempha chikhululukocho, 849 ndiwo adachilandira. Ku Russia, chaka chomwecho, Boris Yeltsin adasintha dzina la tsiku la 7 Novembala, lokumbukira kulanda boma kwa 1917, kukhala tsiku la mgwirizano ndi primirenie. Panalibe bwalo lomva maumboni, ndipo mu 2005 tchuthicho chidalowedwa m'malo ndi china cha pa 4 Novembala.

Mu 2007 Vladimir Putin adakhazikitsa bungwe lotchedwa Russkiy mir lolimbikitsa Chirasha kunja, ndipo mawuwo adakula kukhala mfundo yandale yonena za anthu onse olankhula Chirasha, kulikonse kumene ali. Nkhondo ya ku Georgia ya mu Ogasiti 2008 boma lidaitcha ntchito yokakamiza mtendere. Asilikali a Russia atalowa mu Ukraine mu Febuluwale 2022, lamulo la pa 4 Malichi lidaika chilango chofika zaka 15 kwa wofalitsa zimene boma lati ndi zabodza zokhudza asilikali, ndipo anthu ena adamangidwa chifukwa choimirira pamsewu ndi chikwangwani cha Miru mir, mfuu yomwe adaiphunzira kusukulu. Chinenero cha ku Ukraine chimasiyanitsa myr, mtendere, ndi svit, dziko, monga momwe cha ku Czech Republic chimasiyanitsira mír ndi svět. Olemba nkhani ambiri a ku Ukraine samasulira Russkiy mir m'chinenero chawo. Amangolemba momwe mawuwo amamvekera m'Chirasha.